Nsalu ya Patebulo ya Mng'ono Wanga

Mng'ono wanga atapeza mwamuna womanga naye banja, ine ndinalibe mbuzi kapena mbale zogoba zoti ndimupatse. Chuma changa chinali manja. Kupeta nsalu ndinaphunzira kwa amayi ena a kumpingo amene ankatisonkhanitsa Lachinayi lililonse, ndipo sindibisa, kumudzi kwathu konse kufupi ndi Milonde kunalibe wondiposa pa singano. Choncho ndinamuuza mwanayo kuti, "Iwe, tebulo lako silidzakhala lamaliseche. Za nsalu undisiyire ine."

Ndikuti mwana chifukwa ndinamulera ndine. Amayi athu anatisiya iye akuyamba kumene kuyenda, ndipo anakulira kumsana kwanga. Ukwati wake unali ukwati wanga.

Bafuta ndinakagula pa Boma, mayadi awiri ndi theka. Ulusi ndinaitanitsa kutsidya kwa mtsinje wa Muloza, chifukwa wa kumeneko sunkasuluka pochapa. Ndinajambula ndi pensulo masamba a tiyi kuzungulira m'mphepete monse, awiriawiri ndi kansonga pakati monga mmene timathyolera, pa ngodya iliyonse nanazi, ndipo pakati pa nsaluyo nkhunda ziwiri zoyang'anizana. M'mawa ndinkathyola tiyi ku esiteti. Ndikaweruka ndinkayamba ndasamba m'manja kawiri, pakuti tiyi amadetsa zala, kenako n'kukhala pakhonde ndi singano mpaka dzuwa kupendeka. Ndinatero miyezi isanu. Tsiku lina ndinadzibaya chala, magazi n'kudonthera pafupi ndi phiko la nkhunda, ndipo ndinapetapo kaduwa kofiira kuti ndibise dontholo. Kaduwako kanalibe kanzake mbali inayo, moti kankandinyansa ndikakaona.

Amuna anga anali kalaliki wa pasikelo ku esiteti komweko, munthu wa pensulo kukhutu ndi nsapato zopolisha ngakhale nthawi ya matope. Analinso mlembi wa chipani m'dera lathu. Zaka zimenezo chipani chinali chimodzi chokha, ndipo wopanda khadi lake sankalowa mumsika. Mwini dziko akamabwera kudzayendera minda, midzi inkasonkha mphatso: mazira, nkhuku, mbuzi, chilichonse chooneka bwino. Wofunsa kuti zinthuzo zikupita kuti ankatchedwa woukira, ndipo woukira sankachedwa kusowa.

Kutatsala mwezi umodzi kuti ukwati uchitike, ndinatsegula bokosi langa kuti ndiyanike nsalu ija, imene ndinali nditamaliza kupinda m'mphepete. Ndinapezamo chitenje chokulungira chokha.

"Abambo, nsalu ya mlamu wanu ija ili kuti?"

Iwo anali akupukuta njinga, ndipo sanatukule n'komwe mutu. "Yapita ku chipani. Akuluakulu anamva kuti muno muli nsalu yokongola, ndiye ati ikhale mphatso ya mwini dziko. Muzinyadira."

"Osandifunsa mwini wake?"

"Mukufuna mukafunse nokha? Njira ndi iyo. Koma muyambe mwatsanzika ana."

Ndinakalirira kubafa kuseri kwa nyumba, nditaluma chitenje kuti oyandikana nawo asamve, pakuti ngakhale kulirira chinthu chopita kwa mwini dziko unali mlandu. Mng'ono wanga atamva anangondigwira dzanja n'kunong'ona kuti, "Musadandaule, achemwali, si inu mwachita." Mawu amenewo anandipweteka kuposa akanandikalipira.

Patapita masiku khumi ndinasenza nandolo kupita kumsika wa Limbuli, kuti ndikagulitsa ndigule kansalu kena kakang'ono. Dzuwa linawamba tsiku limenelo, ndipo nditamva ludzu ndinazungulira kuseri kwa magolosale kukapempha madzi. Pa nyumba ina ya malata panali chingwe choyanikira zovala. Pachingwepo panali nanazi zinayi, masamba a tiyi, nkhunda ziwiri, ndi kaduwa kofiira kopanda kanzake. Pamimba pa nkhunda imodzi panali bwalo lakuda pamene wina anakhazikapo kapu ya tiyi.

Ndisanaganize chochita, m'nyumbamo munatuluka mayi wonenepa bwino, wonunkhira mafuta a m'sitolo, manja ali ufa wa mandasi okhaokha.

"Mosheliwa, amayi," anandilonjera mwa Chilomwe, akumwetulira.

Ndinayankha, ndinapempha madzi, ndinamwa. Kenako ndinati, "Nsalu yokongola bwanji! Munagula kuti?"

"Anandipatsa bambo akunyumba. Ndi kalaliki ku esiteti. Akuti anachita kuitanitsa ku Limbe, ndi ya makina imeneyi. Kuno ndani angasoke zotere?"

Mpaka lero sindidziwa chimene chinandiwawa kwambiri, kumva mkazi wina akuwatcha amuna anga bambo akunyumba, kapena kumva miyezi yanga isanu ikutchedwa ya makina. Ndinathokoza madziwo mwaulemu, nkhope ili myaa. Nandolo ndinabwerera naye kumudzi osagulitsa.

Ndinalunjika kwa atsibweni anga, alongo awo a amayi, amene analinso ankhoswe a banja langa. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, akufwenkha fodya, kenako anati, "Mphwanga, iyi ndi nkhani yaing'ono. Mawa ndipita ndi ankhoswe a kuchimuna, tikagogoda kwa mayiyo mwakachetechete, nsalu ibwera. Uichapa ndi ndimu, mng'ono wako alandira pa ukwati. Za banja tidzakamba ukwati ukatha."

"Ndiye iwowo angotuluka choncho? Anandiopseza ndi dzina la chipani, ine ndikulirira kubafa ngati wakuba!"

"Khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Ukaitana a chipani, mwamuna wako aona zakuda, inde, koma nsaluyo suidzaionanso. Chimene chatchulidwa dzina la mwini dziko sichibwerera m'bokosi. Wandimva?"

Ndinawamva bwinobwino. Sindinganame kuti sindinadziwe. Ndinawauza kuti ndikaganiza, koma miyendo yanga inali itaganiza kale. Nditatuluka pa mpanda wawo sindinakhotere kwathu. Ndinakhotera kwa amayi a tcheya, mtsogoleri wa amayi a chipani m'dera lathu.

Amayi amenewa ankathyola tiyi gulu limodzi ndi ine, ndipo ndinkadziwa kuti amuna anga ankawadula mapaundi pa sikelo, akumati tsamba lawo lanyowa. Ndinagwada pakhomo, manja pamodzi, mawu ofewa ngati a mkwatibwi.

"Ndabwera kudzangofunsa, mayi, ngati mphatso yathu inafika bwino."

"Mphatso iti?"

"Nsalu ya patebulo ija munatumiza a mlembi kuti adzatengere mwini dziko. Ndadabwa kuiona yayanikidwa ku Limbuli kuseri kwa magolosale. Ndimati kapena ndi kumene mukusungira mphatso chaka chino."

Amayi a tcheya anadzuka. Kenako anamanga mpango kumutu pang'onopang'ono, ndipo ndinaona kuti nawonso tsiku lawo lakwana.

M'mawa mwake tinanyamuka: amayi a tcheya, amayi ena asanu ovala nsalu ya chipani, anyamata awiri a chipani a malaya ofiira, ndi ine pambuyo. Anyamatawo anakawatenga amuna anga pa sikelo penipeni, othyola tiyi onse akuona, pensulo idakali kukhutu. Sanawauze kumene tikupita. Koma titangokhotera kuseri kwa magolosale a ku Limbuli, ndinaona thukuta likutsika m'khosi mwawo kulowa m'kolala imene ndinawasitira ndekha, ndipo mtima wanga unazizira bwino.

Nsalu inali patebulo, pamwamba pake pali mbale ya shuga. Amayi a tcheya sanakweze mawu. Anangoti, "Tabwera kudzatenga mphatso ya mwini dziko imene a mlembi anasungitsa pano."

Mayi wa mandasi uja anagwa pansi ngati thumba. "Kalanga ine! Sindinadziwe, amayi anga! Anandiuza kuti ndi ya ku Limbe! Anandiuza kuti akazi awo anamwalira!"

"Ndine malemuwo," ndinatero. "Ndabwera kudzaona tebulo langa."

Amayi onse aja anaseka mpaka kugwira m'nthiti. Amuna anga anayesa kutsegula pakamwa, koma mnyamata mmodzi anawaloza pansi, ndipo anakhala pafumbi ndi buluku lawo la khaki. Mayiyo anauzidwa kuti achape nsaluyo ife tikudikira. Anaichapa, anapaka ndimu pa bwalo la tiyi lija, anaiyanika, anakoleza makala m'simbi, n'kuisita mbali zonse ziwiri. Ine ndinakhala pampando wake pakhonde pake n'kumamulozera pamene pakhwinyata. Anthu a mumsika anadzaza mpanda wonse. Iye analibe mlandu waukulu, ndikudziwa, koma tsiku limenelo chifundo ndinali nditachisiya kunyumba.

Pobwerera, amuna anga ndi amene ananyamula nsaluyo, ili yopindidwa pa lichero, manja atatambasula kutsogolo ngati wonyamula mwana wakhanda. Sanaloledwe kuitsitsa kapena kupukuta thukuta. Amayi ankaimba pambuyo pawo ulendo wonse, ndipo ana a m'midzi ya m'njira ankathamanga kudzaonerera. Munthu amene ankatiimika pamzere ndi madengu kumsana anadutsa pamaso pa aliyense amene anamudulapo paundi. Akulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Ine ndinawaona akuvumbwa dzuwa lili phwee.

Titafika kwa a tcheyamani a dera, amuna anga anagwada n'kuyamba kulira, kulira kwenikweni kwa mamina. A tcheyamani anati, "Kunama m'dzina la mwini dziko si masewera. Nkhaniyi ikafika ku Boma, uyu sabweranso. Mwini mwamuna, mukutipo bwanji?"

Ndinakhala chete dala. Ndinawasiya amve mmene ndinamvera kubafa kuja. Nditakhutira ndinati, "Asapite. Alipire mbuzi, achoke pa udindo." Anthu anandiyamika kuti ndine wa mtima wabwino, koma sichinali chifundo. Ndinkafuna kuti azikumana tsiku ndi tsiku ndi anthu amene anawaona akulira.

Kenako amayi a tcheya anatenga lichero lija, anasisita nsaluyo ndi chikhatho, n'kunena mawu amene atsibweni anali atanena kale. "Popeza inatchulidwa kale dzina la mwini dziko, singakayalidwe pa tebulo la munthu wamba. Tikuthokoza, mayi, chifukwa cha mphatso yanu." Amayi anaimba nthungululu. Nanenso ndinaimba, chifukwa wosaimba akanafunsidwa. Mlungu wotsatira nsaluyo ndinaiona ikukwezedwa pa lole pamodzi ndi mbuzi ndi malichero a mazira, ndipo mbuzi imodzi mwa izo inali ya amuna anga.

Kwathu mwamuna ndi mkamwini, amadzakhala pamudzi pa mkazi. Ankhoswe atakumana sindinachulutse mawu. Amuna anga anachoka ndi bulangete, njinga ndi nsapato zawo zopolisha. Ku Limbuli nakonso anapeza chitseko chotseka. Masiku amenewo ndinkadya bwino, ndinkagona bwino, ndipo pa sikelo panakhala kalaliki wina amene ankandilonjera mwamantha.

Ukwati unali utatsala masiku asanu ndi anayi. Ndinagula yadi imodzi ya bafuta, ndinapinda m'mphepete, n'kupeta duwa limodzi pa ngodya iliyonse. Inali nsalu yoti n'kuvundikira mbale, osati kuyala patebulo. M'mawa wa tsiku la ukwati, ndikumumanga mng'ono wanga chophimba kumutu m'chipinda, ndinamupatsa kansaluko. Anakatambasula pamiyendo, anakayang'ana, n'kukapindanso bwinobwino.

"Achemwali, atsibweni andiuza kuti akanatha kukaitenga ija."

"Inde."

"Ndipo anakuuzani kuti mukapita ku chipani siibweranso."

"Anandiuza."

Sanalire, sanakalipe. Anangoti, "Ndiye miyezi isanu yonseyo munkasokera ine, koma tsiku limodzi lokha linakwana kuti mundigulitse kuti alamu alire." Panja anthu anali atayamba kuimba, ndipo anadzuka n'kutuluka.

Choipa n'chakuti ndikakumbukira amuna aja akuyenda ndi lichero padzuwa, mtima umakomabe. Atandibwezera pa mpanda wa atsibweni lero, ndikuopa kuti ndikhoza kukhoteranso komwe kuja.

Mng'ono wanga sanadane nane. Tinkayenderana, tinkalimirana, pa maliro tinkakhala mphasa imodzi. Anabereka ana asanu ndi mmodzi, ndipo aliyense anabatizidwa atavala kadiresi koyera kopetedwa pakhosi. Madiresi onsewo anakasoketsa kwa mayi wina wa kutsidya kwa mtsinje, amene maluwa ake ankaoneka ngati mapazi a nkhuku. Ine ndinkakhala pa benchi ya kumbuyo kwake m'tchalitchi, ndikuona ulusi ukulendewera pakhosi pa mwana, singano zanga zili m'bokosi kunyumba. Sanandipemphenso kuti ndimusokere ngakhale batani.