Kakhadi Kamene Ndinabisa M'tsaya

Kamera yanga ndinaipeza yogwirapo kale ntchito, ndili m'chaka chachiwiri ku koleji, ndipo inalibe memore khadi, khadi losungira zithunzi ndi mavidiyo. Ndinapita kwa bambo wina wachisilamu wogulitsa zipangizo za foni pafupi ndi msika wa Zomba. Anandiyalira makhadi awiri pagalasi. Lina linali lalikulu ngati sitampa, lolowa mu kamera mwachindunji. Linalo linali laling'ono ngati chikhadabo cha khanda, lofunika kuyamba lalowetsedwa m'kachikuto kapulasitiki kotchedwa adaputa.

"Achimwene, musatengeke ndi kukula kwa mimba yake kokha," anatero bamboyo. "Funsaninso za liwiro. Khadi laulesi limaima pakati pa vidiyo, mkwati asanalandire mphete."

Onse awiri anawayesa ine ndikuona, ndipo onse anali aliwiro. Ndinasankha kakang'onoko chifukwa ndinalibe laputopu. Ndinkafuna kuti ndizitha kukachotsa mu kamera n'kukalowetsa m'foni. Anzanga a ku Matawale, kumene tinkachita lendi, anandiseka kuti ndaveka bwana nsapato za khanda.

Masiku amenewo alamu anga, amuna a achemwali anga, ankagulitsa mabulosi ndi sitiroberi m'mbali mwa msewu wa pamwamba pa phiri. Anthu ena ocheka mitengo ya paini mozemba ankawaganizira kuti ndiwo amawanenera kwa alonda a nkhalango. Anali atawamenyapo kale, n'kuwauza kuti akadzawapezanso pamalopo adzatsika phiri pa machira. Achemwali anakadandaula kupolisi, koma anafunsidwa kuti, "Umboni uli kuti?" Amene anaona anakana kutsegula pakamwa. Alamu anabwerera kuphiri, pakuti ana ankadyera pamalo pomwepo.

Loweruka lina m'mawa ndinakwera nawo kuti ndikajambule mabasiketi awo, monga ntchito ya m'kalasi. Ndinali nditatsetserekera kuseri kwa mitengo kufuna poima pabwino pamene ndinamva basiketi ikugubuduzika. Amuna anayi anali atawazungulira alamu. Wamkulu wawo, wovala gambutsi, anali ndi chikwanje. Enawo zidutswa za matabwa.

"Bwana mtolankhani, mwadzuka bwanji?" anatero wagambutsiyo kwa alamu, powanyogodola. "Lero mwakanena kale, kapena tikuperekezeni?"

Thabwa loyamba linatera pamsana. Alamu anagwa chogwada, atatchinga mutu ndi mkono, ndipo lachiwiri linaswa mkonowo. Kulira kwa fupalo ndimakumvabe. Chala changa chinadina batani pa kamera, ndipo khadi silinaime. Anawaponda m'nthiti, anawakhwekhwereza pa zipatso zawo, mpaka sindinkathanso kusiyanitsa magazi ndi madzi a mabulosi.

Mmodzi anacheuka. "Uyo akujambula!"

Ndinathamanga kutsetsereka, ndinapunthwa pa chitsa, ndinagwera m'tchire. Mapazi awo akuyandikira, ndinatsegula kachitseko ka kamera, ndinasolola kakhadi m'chikuto chake ndi chikhadabo, ndinakaponya m'kamwa n'kukakankhira m'tsaya ndi lilime. Chikuto chopanda kanthu ndinachibwezera mu kamera.

Anandidzutsa ndi kolala. Mbama inagwa patsaya lomwelo, ndipo ndinamva dzino likugwedezeka. M'kamwa munadzaza magazi. Kulavula sindikanatha, kumeza ndinkaopa.

"Iswe kamerayo!" anakuwa wina.

"Mbuzi iwe, zithunzi sizikhala mu kamera," anayankha wagambutsi. Anatulutsa chikutocho, anachionetsa kwa anzake monyadira, anachiika pamwala n'kuchiphwanya ndi msana wa chikwanje. Kenaka anamenyetsa kamera pamwala womwewo kuti anzakewo asangalale.

"Yankhula, mwana wa sukulu. Waona chiyani?"

Ndinapukusa mutu, magazi akutsikira m'chibwano. Anaseka, anandiponda pamimba, napita.

Galimoto ya alendo inatipeza ine ndi alamu n'kutitsitsira kuchipatala. Achemwali atafika, ndinalavulira kakhadiko m'dzanja lawo pamodzi ndi chidutswa cha dzino. Anakatsuka pampopi, anakapukuta ndi nsonga ya chitenje, anakaumika padzuwa pakhonde, kenaka anakalowetsa m'foni yawo yosweka galasi. Foniyo inazengereza. Nkhope ya wagambutsi inatulukira, yooneka bwino mpaka chipsera cha pamphumi. Achemwali anaonera mpaka pamene mkono unathyoka, anazimitsa, anamanga kakhadiko pamfundo ya chitenje nalunjika kupolisi.

Atatu anagwidwa; wachinayi anathawa ndipo sitinamuonenso. Alamu anabwerera pamalo pawo mkono utapola, ngakhale kuti zala za dzanjalo sizipindika bwinobwino, moti mabasiketi amawalukira ndi achemwali. Kamera sinakonzeke. Ntchito ya m'kalasi ija ndinaimaliza ndi kamera yobwereka, ndipo mwini wake atandipatsa khadi lake lalikulu, ndinamubwezera n'kupita kumsika kukafuna kakang'ono.