Ndinkati Buluu, Anali Pepo

Ndinafika ku Chitipa ndili mnyamata, boma litanditumiza kudzaphunzitsa pa sukulu ina ya sekondale pa Boma. Kwathu ndi ku Thyolo, ndipo mumtima ndinkati ndingopirirako pang'ono kenako ndipemphe kubwerera kummwera. Sizinatero. Ndinapeza mkazi wa ku Wenya amene ankagulitsa zitenje mumsika, ndinaphunzira kunena "monire" ndi "yewo" m'Chitumbuka, ndipo nkhani yobwerera ija inazilala yokha.

Chaka china mipingo ya pa Boma inagwirizana zotulutsa magazini ya nyimbo za m'boma lathu. Makwaya analipo ambiri, magule akumudzi nawonso, kuphatikizapo anyamata amene anali atayamba kujambula nyimbo zawo m'katipinda kuseri kwa msika. Nkhani analemba ndi ena: aphunzitsi anzanga, namwino wina wa mawu okoma, ndi mlembi wina wa ku khonsolo. Ine anandipatsa ntchito yoyala masamba, chifukwa ndinali ndi laputopu komanso ndinkakonza kanyuzi ka pasukulu pathu. Kanyuziko kanali ka zilembo zakuda papepala loyera basi. Magaziniyi ndiyo inali ntchito yanga yoyamba yofuna mitundu.

Tsamba limene linandisowetsa mtendere linali la zamkatimu, lija munthu amayambira kuona kuti nkhani yakuti ili pa tsamba lakuti. Kwaya iliyonse inkafuna dzina lake likhale pamwamba. Mtsogoleri wa kwaya ina ya ku Kaseye anachita kupalasa njinga kudzandipeza kusukulu, n'kundiuza mwaulemu kuti iwo anayamba kuimba enawa asanabadwe. Ndinaona kuti ndikangondanda mayina kuchokera pamwamba mpaka pansi, ndidana ndi anthu. Choncho ndinagawa tsambalo m'zigawo zitatu zoimirira moyandikana: cha makwaya, cha magule, ndi cha oimba achinyamata. M'chigawo chilichonse mayina ankatsatana monga mwa chilembo choyamba, nambala ya tsamba ili kumanzere, yaikulu bwino kuti ndi achikulire omwe aione. Pamwamba ndinalemba mutu wakuti Zamkatimu, ndipo mmunsi mwake ndinaika chithunzi chimodzi chotambalala.

Chithunzicho chinali cha apongozi anga, bambo a mkazi wanga. Ankatsogolera kwaya ya kumudzi kwawo ku Wenya, akuimba banjo imene anapanga okha ndi chigubu cha mafuta ophikira. Anasankha chithunzicho ndi a komiti, osati ine, koma sindinama, mtima wanga unakondwa.

Kenako ndinafika pa mitundu. Ndinati makwaya akhale ndi buluu wa kuthambo, ndipo buluu yemweyo azungulire chithunzi cha apongozi. Magule ndinawapatsa mtundu wobiriwira, wa kumunda. Achinyamata ndinawapatsa wofiira. Kumbuyo kwa zonsezi ndinayala mtundu wotuwa ngati phulusa, wosasokoneza maso. Nditamaliza ndinakankhira mpando kumbuyo n'kumaliyang'ana tsambalo. Ndinaona kuti lakhala.

Linali Loweruka masana, nyengo ya mphepo ija ya ku Chitipa imene imalowetsa fumbi ngakhale m'mano. Mkazi wanga anafika kuchokera kumsika, mtolo wa zitenje uli pamutu. Asanatule n'komwe ndinamuitana.

"Mayi, tabwerani muone bambo anu."

Anatula mtolo pakhomo, n'kubwera akupukuta manja. Anawerama kumbuyo kwanga n'kuyang'ana. Ndinadikira kuti aseke kapena aombe m'manja.

"Bambo," anatero motsitsa mawu, "kodi adada amwalira, inu osandiuza?"

Ndinatembenuka. "Mukuti chiyani?"

"Mwawazunguliza ndi pepo. Umu ndi mmene amakonzera mapepala a mwambo wa maliro. Munthu ali moyo, akulima, akuimba, inu mwamuika chonchi?"

"Ameneyu ndi buluu."

"Ndi pepo."

"Mayi, ndasankha ndekha. Ndi buluu."

Anandiyang'ana ngati ndikumuseka. Analoza chigawo cha magule. "Nanga ichi?"

"Chobiriwira."

"Ndi bulawuni, bambo. Ngati dothi lonyowa. Ndipo kumbuyo konseku mwapaka pinki, ngati keke ya ukwati."

Ndinayamba kupsa mtima, chifukwa ntchitoyo ndinali nditaikhalira nthawi yaitali. Ndinati mwina akuonera chammbali, galasi la laputopu limanamiza. Anapita pakhomo, anamasula mtolo uja, n'kubwera ndi zitenje zingapo. Anayala ziwiri patebulo.

"Ichi n'chotani? Nanga ichi?"

Ndinati zonse n'zabuluu, kungoti china n'chakuderako. Anachotsa, n'kuyala zina ziwiri. Ndinati n'zofanana. Anayalanso zina. Apo ndinakhoza, chifukwa china chinali chachikasu. Anayalanso zina, ndipo nditayankha sanandiuze ngati ndakhoza kapena ayi. Anangokhala pansi pasimenti, chitenje chili pamiyendo, n'kuyamba kuseka. Anaseka mpaka kugwira m'mimba. Kenako ndinaona kuti kuseka kuja kwasanduka kulira.

Ndinatsika pampando n'kukhala naye pansipo. Sindinkadziwa chimene ndalakwa.

"Diresi ya ku Mzuzu ija," anatero akupukuta misozi ndi chitenje chogulitsa.

Ndinaikumbukira. Mwana wathu woyamba atabadwa, ndinapita ku Mzuzu kukachonga mayeso, ndipo iye anandipempha kuti ndikamugulire diresi yobiriwira yovala pa ubatizo. Ndinazungulira masitolo mpaka ndinaipeza. Anailandira ndi manja awiri, anathokoza, koma pa ubatizo anavala ina. Sindinafunse.

"Ndinagula yobiriwira," ndinatero.

"Inali yabulawuni."

"Bwanji simunandiuze?"

"Ndinkati munangotola imene inali pafupi. Ndinkati simunamve n'komwe zimene ndinapempha. Nthawi zonse ndikakuonetsani nsalu ziwiri kuti ndivale iti, inu mumati zonse n'chimodzimodzi. Ine mumtima ndinkati bambowa sandiyang'ana."

Ndinakulira pakati pa minda ya tiyi. Anthu ankati tiyi ndi wobiriwira, inenso ndinkati wobiriwira. Ankati magazi ndi ofiira, inenso ndinkavomera. Sindinaganizepo kuti chimene anzanga akuona n'chosiyana ndi changa. Nthawi zina ankandiseka kuti ndathyola gwafa wosapsa kapena ndavala masokosi osiyana, koma ndinkangoti ndine wosasamala, monga mmene iwo ankanenera.

Anandigwira dzanja. "Pole," anatero, mawu amene amalonda anzake a ku Tanzania amauza munthu amene zamugwera. "Pole, bambo."

Mkati mwa sabata tinapita limodzi kuchipatala, kwa a maso. Anandionetsa buku la madontho amitundumitundu, n'kumandifunsa nambala yobisika m'madonthomo. Mkazi wanga ali pambali ankachita kuluma milomo kuti asandinong'oneze. Dokotalayo anati maso anga sasiyanitsa mitundu ina, ndinabadwa nazo, si matenda oti n'kukula, ndipo mankhwala ake palibe. Tili panjira ndinati ndikabweza ntchito ya magazini ija kwa a komiti, apeze wina.

"Mubweze chifukwa chiyani?" anafunsa. "Mizere yanu ili bwino. Manambala ali bwino. Chasowa ndi maso, ndipo maso ali pakhomo panu pomwe."

Kuyambira tsikulo ankaweruka msanga kumsika, n'kusiyira benchi mnzake woyandikana naye. Laputopu anali asanaigwirepo, ndipo sanafune kuigwira. Ankabwera ndi tizidutswa ta nsalu totsala kwa atelala, n'kusankha kamodzi, n'kukagunditsa pagalasi. Ine ndinkayendetsa kamuvi pang'onopang'ono m'bokosi la mitundu, iye akuyang'ana uku ndi uku.

"Pitirizani. Pitirizani. Mwapitirira, bwererani. Apo! Musagwedezenso."

Buluu wa makwaya anamutenga pa yunifolomu ya amayi a kwaya ya kwawo. Wobiriwira wa magule anati akhale wa chimanga chimene chalandira feteleza, osati chanjala. Wofiira wa achinyamata anamukana, ati akulasa m'maso, n'kuika wa lalanje lakupsa. Pinki uja anamuchotsa yense, n'kuika mtundu wa mkaka wothira tiyi pang'ono.

Sikuti tinkangogwirizana pa zonse. Iye anazolowera chitenje, chimene sichisiya malo opanda duwa. Akaona mpata woyera pakati pa zigawo ankati, "Apa mwaiwala, tiikepo ng'oma." Ine ndinkati tsamba liyenera kupuma, diso la wowerenga lipeze podutsa. Tinakangana mpaka tinagawana: iye anapambana pa mkombero, tinaika kamzere ka timakona tating'ono m'mphepete monse ngati mpendero wa nsalu, ine ndinapambana pa mipata. Tsiku lina anafuna kuti manambala a masamba akhale achikasu. Ndinamuuza kuti pa mtundu wa mkaka uja chikasu sichioneka, munthu wachikulire adzachita kusinzinira. Anakana. Ndinamupempha kuti akaime pakhomo awerenge ali pomwepo. Anaima, anayang'ana, n'kubwerera akuseka.

"Kani maso anuwa si akufa onse."

Zoonadi, chowala ndi chakuda ndimachisiyanitsa bwino, mwina kuposa iye. Manambala tinawasiya akuda.

Madzulo ena dzuwa lisanalowe, tikudikira kuti magetsi ayake chifukwa batire inali itatha, tinakhala pakhonde. Mkazi wanga anafunsa chimene ndikuganiza kuti chinkamuvuta masiku onsewo.

"Ndiye mukandiyang'ana ine, mumaona chiyani? Nsalu zonse ndakhala ndikuvalazi, zinangopita pachabe?"

Ndinamuuza kuti mitundu yake sindingailumbirire, koma maluwa ake ndimawadziwa onse. Ndinamukumbutsa chitenje chimene anavala tsiku limene ndinafika koyamba pa benchi yake, ndikunamizira kufuna nsalu ya makatani. Chinali ndi nyali za galasi, zina zoimirira, zina zozondoka, ndipo pakati pa nyalizo panali timbalame totambasula mapiko. Ndinamuuza za chija anavala popita kukandionetsa kwa makolo ake, cha masamba a chinangwa. Ndinamuuza za chija anafunda kuchipatala atabereka, cha makiyi ndi maloko, chimene chinali chong'ambika pakona.

Anayang'ana kumsewu kumene njinga zamoto zinkadutsa zikuutsa fumbi. Kenako anasendera pafupi, n'kutsamira phewa langa, chinthu chimene sachita pakhonde anthu akuona.

"Cha nyali chija chinali chofiira," anatero. "Ndikuuzeni kuti mudziwe."

Magaziniyo anakaisindikiza ku Mzuzu, ndipo inabwera pa minibasi m'makatoni omanga ndi zingwe. Nditatsegula, sindinathamangire kuona nkhani. Ndinapatsira mkazi wanga tsamba la zamkatimu, n'kumayang'ana nkhope yake. Anati wobiriwira wada pang'ono kusiyana ndi wa pagalasi, koma buluu watuluka ndendende. A komiti anakondwa. Mtsogoleri wa ku Kaseye uja anapeza dzina la kwaya yake pakati pa chigawo, anawerenga mayina apamwamba ndi apansi, n'kuvomereza kuti chilembo sichikondera.

Loweruka lotsatira tinanyamula magazini angapo kupita nawo ku Wenya. Galimoto inatitsitsa pamsewu, kotsalako tinayenda pansi. Tinapeza apongozi akusenda nsungwi pansi pa mtengo wa mango. Ndinakhala chapatali monga mkamwini, mkazi wanga n'kugwada kuwapatsa magaziniyo atatsegula kale. Anapukuta manja m'thalauza, anaigwira m'mphepete mokha, n'kuyang'ana nthawi yaitali.

"Banjo iyi yatuluka bwino kuposa mwini wake," anatero m'Chichewa chawo chosakaniza ndi Chitumbuka. Kenako anatsetsereka ndi chala m'chigawo cha buluu mpaka anapeza dzina la kwaya yawo, anawerenga nambala mokweza, n'kuyamba kutsegula masamba limodzilimodzi, akunyowetsa chala, mpaka anafika pa nkhani yawo. Anatuma mdzukulu kuti akaitane anzawo a kwaya.

Anthu akusonkhana, mkazi wanga anawafotokozera bambo ake za maso anga, m'Chitumbuka, motsitsa mawu. Ndinamva zokwanira kuti ndidziwe kuti akunena za ine, ndipo ndinaweramitsa mutu. Apongozi anandiyang'ana, n'kugwira khutu lawo lakumanzere.

"Mkamwini, ili linafa kalekale, ndili mnyamata. N'chifukwa chake a besi ndimawaimika kumanja. Anthu amati ndi luso." Anaseka, anzawo amene anali atafika n'kuseka nawo, ena akudabwa chifukwa anali asanamvepo.

Magazini inayenda m'manja mwa aliyense, amayi ena akuloza buluu uja n'kumagwira malaya awo a kwaya amene anabwera atavala. Kenako apongozi anatenga banjo, anaikunga, n'kunena kuti alendo sangabwerere osamva nyimbo. Ine ndinati ndikhala pampando ndimvetsere. Anakana. Anandigwira pamkono, chinthu chimene anali asanachitepo chikwatirire mwana wawo, n'kundiimika kumanja kwawo pakati pa a besi. Mawu a nyimboyo sindinkawadziwa, choncho ndinkangong'ung'udza motsatira bambo amene anali pambali panga, mkazi wanga akuimba kutsogolo pamodzi ndi amayi.