Tsiku limene ababa anapatsidwa njoka ku Limbe

Ndikukumbukira kuti ulendo wanga woyamba wa ku Limbe sindinapite ngati mwana wokaona tauni ayi. Ndinapita ngati chingwe, chifukwa amayi anandituma kuti ndikamange ababa.

Ababa anali munthu wabwino, wodulira tiyi pa esiteti ina kufupi ndi Masambanjati, koma anali ndi mtima wapachala. Makolo athu anachokera kudziko la Apwitikizi, ndipo masiku amenewo, nkhondo yachiwiri isanayambe, anthu ena ankatinyoza kuti ife Alomwe timadya njoka. Mawu amenewa ababa sankawameza. Anali atagulula kale dzino la munthu wina pamowa, ndipo kapitawo anawachenjeza kuti akadzangomenyanso wina, mzungu adzatithamangitsa pamalo pake. Tikanalowera kuti? Nyumba, kamunda ka chinangwa ndi nandolo, ngakhale manda a mlongo wanga, zonse zinali panthaka ya esiteti.

Choncho ababa atanena kuti akukagula bulangeti ku Limbe, ndiponso kuti akufuna kukalawa zimene amadya anthu a m'tauni, amayi anada nkhawa. Anandikokera kuseri kwa nkhokwe nandiuza kuti ndisakataye dzanja la ababa, zivute zitani. Ankati munthu sangaponye chibakera mwana atamugwira dzanja. Ndinali wamng'ono, mano akutsogolo atangomera kumene, koma ndinamva kuti ntchitoyo ndi yolemera.

Tinakwera lole yonyamula mabokosi a tiyi, ndipo tinatsika ku Limbe tili psuu ndi fumbi. Bulangeti tinagula msanga. Kenaka ababa anayamba kuyendera malo odyera ngati kapitawo woyendera mizere ya tiyi. Pahotela ya azungu tinangoima kutsidya kwa msewu, fungo la nyama yowotcha likutipeza komweko. Mlonda atatiyang'ana ndi diso loipa, ababa anandiuza kuti chakudya cha azungu chilibe mchere, ngakhale anali asanachilawepo chibadwire. Pakhonde pa sitolo ya mmwenye anagula kanthu kokazinga ka makona atatu. Ataluma, tsabola anawatulutsa misozi, koma iwo anati ndi fumbi la mulole. Kumsika amayi ena ankagulitsa matemba, mbatata yowotcha ndi zitumbuwa. Ine malovu anadzaza mkamwa, koma ababa anati sanabwere ku Limbe kudzadya zomwe amadya kwawo.

Dzuwa litafika paliwombo, mphuno zinatikokera kukanyumba ka malata kuseri kwa masitolo. Munali mabenchi, ndi amuna onyamula katundu kusiteshoni atazolika mitu m'mbale. Munkanunkhira nkhuku, anyezi ndi zina zimene sindinkazidziwa. Ababa anakhala pansi modzitukumula, nauza mwini malo, bambo wamfupi wadazi, kuti abweretse chakudya chimene amanyadira. Chinyanja cha ababa chinkamveka Chilomwe ngakhale kwa wogontha, ndipo munthu wina pakona anaseka. Mwina ankaseka zake, koma ndinamva dzanja la ababa likuuma m'dzanja langa.

Mbale inabwera ikufuka nthunzi. Pamwamba panali dzira lowiritsa lodulidwa pakati ndi timasamba ta anyezi. Pansi pa msuzi panali tinthu titalititali, toyera, topiringizana. Mbale itagunda patebulo, tinthuto tinagwedezeka ngati tamoyo.

Ababa anayang'ana mbale, nayang'ana munthu woseka uja, nayang'ananso mwini malo. Anaimirira pang'onopang'ono.

"Ndiye mwamva kuti ndine Mlomwe," anatero ndi mawu apansipansi, "mwati mundipatse tiana ta njoka?"

Ndinagwiritsa dzanja lawo ndi mphamvu zanga zonse. Koma amayi pondilangiza anaiwala chinthu chimodzi: ababa anali ndi manja awiri. Linalo linali litafika kale pandodo imene ankayenda nayo.

Mantha amene ndinamva pamenepo sindinawamveponso. Ndinaona apolisi, ndinaona kapitawo, ndinaona amayi atasenza mphasa pamsewu osadziwa kolowera. Nzeru za mwana zinandiuza kuti njokazo zikatha, mlandu utheranso pomwepo. Ndinatsinzina, n'kupisa dzanja mumsuzi wotenthawo, n'kutapa zodzaza chikhatho, n'kuponya mkamwa.

Ndinadikira kuti zindilume lilime, koma sizinalume. Zinali zofewa, zamchere wabwino, zokoma nkhuku, ndipo pakati pake ndinamva kukoma kwa sikono imene ndinalawapo pa Khirisimasi. Kamodzi kanatsala lende mpaka pachifuwa. Nditakakoka ndi milomo, kanandikwapula mphuno n'kuwaza msuzi pamalaya a ababa a kutchalitchi.

"Ababa," ndinatero mkamwa muli tho, "zilibe mitu. Ndi ufa."

Kenaka mwini malo uja anayankhula, osati m'Chinyanja, koma m'Chilomwe chenicheni chosasakaniza, chonga cha agogo anga. Anafunsa ababa phiri limene makolo awo anachokera, ndipo zinapezeka kuti amayi a bamboyo ankatunga madzi mumtsinje wa kuphiri lomwelo. Anafotokoza kuti ali mnyamata anagwira ntchito ku Beira kwa Mtchaina wina, ndipo n'komwe anaphunzira kuphika zimenezi. Anatitengera kuseri kuti tione mmene amakandira ufa wa tirigu, kuupsinja ndi botolo mpaka upyapyale, n'kuudula timizere ndi mpeni. Ababa, posowa pobisa nkhope, anatenga mpeniwo, nauyesa ndi chala, nanena kuti ndi wobuntha ndipo kuesiteti angamuchotse nawo ntchito.

Kudya kwake ndiye kunali chionetsero. Supuni anaikana, ati si wodwala. Anasamba m'manja bwinobwino n'kuyesa kuumba nthongo, koma akagwira uku zinkapulumukira uko. Pomaliza ananyamula mbale yonse n'kuika kukamwa, ndipo phokoso lake linamveka kumsewu. Anaitanitsa ina. Kachingwe kamodzi kanakodwa m'ndevu zawo. Kanakwera nafe lole mpaka ku Thyolo, kumene amayi anakakachotsa.

Zala zanga zinatuluka matuza. Amayi pozipaka mafuta a nsatsi anaseka mpaka kugwira nthiti, kenaka anayamba kulira, ndipo ine sindinamvetse chifukwa chake kufikira nditakula.

Patapita miyezi, tikuchokera kutchalitchi, munthu wina wovuta anakuwira ababa za njoka zija pamaso pa anthu. Ndinathamangira dzanja lawo mwachizolowezi, koma ndinalipeza lofewa.

"Inde, ndinadya," anayankha ababa akupukuta ndevu. "Ku Limbe, zamsuzi wa nkhuku, dzira pamwamba. Inu achimwene munadyako chiyani ku Limbe?"

Munthuyo anali asanapitirirepo pa Bvumbwe. Anthu anamuseka iyeyo, ndipo kuyambira tsikulo ababa sanamenyenso munthu. Tinakhala pamalo paja mpaka iwo anakalamba.

Lero zinthu zinasintha. Tinthu tija timagulitsidwa m'mapaketi m'magolosale, ndipo adzukulu anga amatiphika madzi akangowira, osadziwa n'komwe kuti panali munthu amene anatengera tinthuti ndodo. Amatchula mtundu wawo mokweza pamsika, popanda woyang'ana kumbali. Akandipatsa mbale yanga amandipatsanso foloko, ine n'kuiika pambali. Amaseka kuti agogo ndi achikale, akudya ndi manja. Ndimangowasiya aseke, chifukwa sadziwa kuti zala zimenezi ndi zimene zinatisungira nyumba.