Njere ya chimanga m'bala la ababa

Mwaswera bwanji nonse.

Ndangofika kumene kuchokera ku centro de saúde, chipatala cha ku Furancungo. Ndinawatenga ababa pa mota, njinga yamoto ija, kukaonetsa bala la kuphazi lija, lomwe likukana kupola chifukwa cha shuga.

Jelo amene achimwene anatumiza kuchokera ku Tete ndinapita naye. Enfermeira, namwino wa pamenepo, anati ndi mankhwala abwino, amathandiza kuti mnofu watsopano umere. Koma atamasula bandeji, anapeza njere ya chimanga italowa m'balamo. Anaichotsa ndi kachitsulo n'kuwaonetsa.

"Bambo, mumapita kumunda?"

Ababa anati, "Ndimangokaona mbatatesi kudimba. Phazilo silipweteka ayi, ndiye ndimati likupola."

Kani amayi akawapaka jelo m'mawa, ababa amavala jombo n'kutsetsereka kudimba. Jombozo zimagona m'chipinda chosungira chimanga, ndipo ayenda ndi njereyo osamva kanthu.

Enfermeira anafotokoza modekha kuti shuga wapha mitsempha ya kuphazi, n'chifukwa chake sakumva ululu. Anati mnofu umene jelo akumeretsa, ababa akuupondereza tsiku lomwelo, ndipo akapitiriza tidzakamba zodula phazi.

Tinakwera mota kubwerera. Tili pafupi kufika kunyumba m'pamene ababa anafunsa kuti, "Nanga mbatatesi zanga akumba ndani?"

Jombo ndazibisa kwanga, koma mukuwadziwa ababa, apita ngakhale opanda nsapato. Mbatatesizo zikakhala m'nthaka, iwo sakhala pansi.

Ndiye mukuti bwanji abale? Ine Loweruka ndilawirira kudimba ndi khasu langa. Abwera ndani?