Mbira Zinadya Denga la Dailes

Kwa Maganga kunali mayi wina wamfupi, wapakamwa, dzina lake Dailes Nankhoma. Anakwatiwa ndi Lameck Mbewe, msodzi wofatsa, chaka chimene amuna ankalembedwa usilikali kupita ku nkhondo yaikulu ija. Zaka khumi zinatha osaona mwana. Anamwa mizu yowawa mpaka lilime kuchita dzanzi, koma ayi ndithu. Chimene chinaswana pakhomo pake ndi mbira.

Anayamba ndi ziwiri zimene anampatsa mlongo wake wogwira ntchito ya njanji ku Chipoka. Anaziika m'khitchini, nazivundikirira miphika yosweka kuti zizibisalamo. Posakhalitsa zinafika makumi anayi, iliyonse ndi dzina lake. Anthu ena amaweta mbira kuti apeze ndiwo, koma kwa Dailes ukangotchula mpeni unkatuluka pakhomo wosatsanzika. M'mawa uliwonse ankazimwetera udzu kudambo, ndipo zikangomva mapazi ake zinkalira kwii kwii mpaka mudzi wonse kudziwa kuti Nankhoma wabwera.

Kuchitsime amayi sankamusiya.

"Ana ali bwanji, Nankhoma? Ayamba sukulu?"

"Anga sakuba mango a eni ngati anuwo," ankayankha choncho, n'kusenza mtsuko wake. Pakamwa ankapambana, koma njira yonse yobwerera mtima unkamupweteka, ndipo ankakalirira m'khitchini momwemo.

Ndiye kunabwera chaka cha 1949, chaka choipa chija. Mvula inadula chimanga chisanamasule. Pofika Okutobala dambo linali litang'ambika ming'alu, udzu wauwisi osaoneka ngakhale wa mankhwala. Anthu ankadya gaga, ena n'kumakumba mizu kutchire. Udzu umene unatsala unali wouma gwa, wolasa m'manja. Dailes anauyang'ana n'kupukusa mutu. Ana ake adye zinyalala zimenezi iye ali moyo? Zosatheka! Anayamba kuziphikira phala la gaga, lofewa bwino ngati la mwana wakhanda. Gagayo anali wake womwe, wa pakamwa pake. Ankagawa pakati, theka iye, theka mbira, mpaka chitenje chinayamba kumuzungulira kawiri.

Mbira zinadya phala masabata angapo, kenako zinayamba kufa. Zina mimba zinatupa n'kulimba ngati ng'oma. Zina zinatsekula m'mimba mpaka kutsala chikopa. Zimene zinapirira, dovu linkangochucha pachibwano, zikafika pa chakudya n'kununkhiza, n'kubwerera. Dailes atatsegula kukamwa kwa imodzi anakuwa kuti mayo! Mano akutsogolo anali atatalika n'kupindika ngati a njiri, moti kamwa silinkatsekeka. Iye poona kuti sizingathe kutafuna, anawonjezera madzi m'phala muja kuti lifewe koposa. Abale inu, chikondi china chimapha.

Mbiri inawanda m'mudzi kuti mbira za Nankhoma zamera minyanga, wina wazilodza. Ena anamulangiza kuti akazitaye m'nyanja tsoka lisanalowe m'nyumba za anthu. Iye ankangokwirira zakufazo kuseri kwa nyumba, lero ziwiri, mawa zitatu. Pamene Lameck ankabwera kuchokera ku chilumba cha Mbenji, kumene anakhala miyezi akupha utaka, anapeza m'khitchini muli zii. Inatsala imodzi yokha, yaikazi, yoyera ya banga lofiira pamsana, dzina lake Nasiketi. Inali ndi bere, ndipo inali itatha masiku awiri osadya. Dera lonselo mbira anthu anali atadya kale chifukwa cha njala. Ikanafa iyi, basi, mbewu yatha, ndipo Dailes akanatsala m'khitchini yekhayekha.

Tsono Lameck asanapite ku Mbenji anali atamweta mitolo makumi atatu ya udzu wofolera, naisanja pathandala kuseri kwa nyumba, poti denga lawo linali litawola. Atabwerako, m'mawa mwake Dailes akusesa chapafupi anamva kwii pansi pa mitoloyo. Anaima. Anamvanso kwii kwii. Atagwada n'kupisa dzanja, anatulutsa Kapitawo, mbira yamphongo imene inathawira pa bowo la khoma miyezi iwiri yapitayo. Iye ankayesa kuti inadyedwa kalekale ndi mphaka. Koma taonani, inali yonenepa, ubweya see, maso ali gwa. Anaitsegula kukamwa. Mano aafupi, olingana, oyera. Pansi pa thandala panali timanyi touma tolimba, ndi zidutswa za udzu wotafunidwa mbwee.

Dailes anakhala pansi pafumbi, tsache lili m'manja. Amene anathawa phala ali moyo, amene anadya phala ali kumanda. Mano a mbira sasiya kukula, chimene chimawapera ndi udzu wolimba womwewo umene iye anaunyoza.

"A Mbewe!" anakuwa. "Palibe mfiti pano. Mfiti ndine, ndi mthiko wanga!"

Lameck anatuluka akutikita m'maso. Mkazi wake sanampatse mpata wofunsa.

"Tengani tupa wanu uja mumanolera mbedza. Msanga!"

"Iwe Nankhoma, tupa ameneyu ngwa chitsulo. Ufuna upere mbira ngati khasu?"

"Inu gwirani basi. Zoyankhula mukayankhulire ku Mbenji."

Anakulunga Nasiketi m'kansalu, mutu wokha uli kunja. Lameck anaigwira ndi manja ake aakulu a nkhafi aja. Dailes anapingasa kamtengo m'kamwa kuti asavulaze lilime, nayamba kupera pang'onopang'ono. Akapera katatu n'kuima, kuipumitsa, kuiuzira mpweya kumaso. Mbira inalira mpaka mawu kutha. Dzuwa linafika pamutu asanamalize, thukuta lili noninoni, koma pamapeto pake kamwa linatsekeka.

Atatero anapita kuthandala n'kumasula mtolo woyamba.

"Aaa, Nankhoma, udzu umenewo ngwa denga!" Lameck anadandaula. "Mvula ikabwera tigona pati? Kutchire kulibenso wina, moto unanyambita wonse."

"Denga likadontha tidzatchera mbale. Uyu akafa tidzatchera chiyani?"

Lameck anamusiya kuti amasule mtolowo. Anali mwamuna wodziwa nthawi imene mphepo yamukulira.

Tsiku limenelo Nasiketi sanadye. Dailes ankangomudonthezera madzi ndi kaudzu. M'mawa mwake analawirira kunyanja, mtunda wonsewo ndi mimba yopanda kanthu, kukathyola nsonga zanthete za bango m'mphepete mwa madzi, diso limodzi likuyang'ana ng'ona. Pobwera anazisakaniza ndi udzu wouma, naika Kapitawo pambali pa wodwalayo. Kapitawo analibe manyazi, anangoyamba kukukuta. Nasiketi anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatambasula khosi, nagwira kaudzu kamodzi, nakakoka. Kekete. Kekete, kekete. Dailes sanapume mpaka kaudzu konse katalowa. Madzulo ake anapeza timanyi tiwiri tolimba pansi, ndipo anatitola n'kukamuonetsa mwamuna wake m'manja, akuseka ngati watola mkanda.

Kuyambira pamenepo phala lake ankamwa yekha. Mitolo inayamba kuchepa: ina yodya, ina yoyala pansi kuti pazikhala pouma, ina mbuzi za eni zinathandizako. Imene inatsala Lameck anafolera mbali yogona yokha, kwinako kunangokhala mipata yoonera mitambo.

M'zaka zotsatira, mbira zimene zinadzazanso makhitchini a kwa Maganga zinachokera kwa Dailes. Ankagawa ziwiriziwiri kwaulere, koma asanakupatse ankakutsegulira kamwa la mbira kuti uone mano, n'kukulumbiritsa kuti phala ndi la ana a anthu. Wina akabwera ndi yodwala ankamukalipira kaye mpaka makutu kuwawa, kenako n'kutulutsa tupa. Koma zimenezo ndi zam'tsogolo.

Tsiku limene anthu sanaliiwale linali la mvula yoyamba. Inagwa chakum'mawa, yamphamvu, ndipo m'nyumba mwa Lameck munali mbale, miphika ndi zipande paliponse, zonse zikulira tho, tho, tho. Dailes anathamangira kukhitchini atanyoweratu. Anavundukula mphika wosweka uja, napeza Nasiketi akunyambita tiana titatu. Mbira imabadwa ndi ubweya, maso otsegula, ndi mano omwe. Kamodzi kanadzandira mpaka pa udzu, n'kuyamba kuuluma pomwepo.

Nthungululu imene anaimba Dailes inaposa mvula. Amayi oyandikana nawo anathamanga atafunda malichero kumutu, poyesa kuti kwagwa zina. Anamupeza ataima pakhomo pa khitchini, manja atatambasula uku ndi uku, madzi akuyenderera kumaso.

"Musalowe!" anatero. "Atatu, onse amoyo. Tili m'chikuta!"

Amayi aja anayamba kuseka, koma atamuyang'anitsitsa anaona kuti si mvula yokha imene inali pamasaya pake, ndipo kuseka kunatha. Mayi wamkulu pa onsewo, yemwe uja ankafunsa za sukulu kuchitsime, anatsitsa lichero lake, nagwada m'matope momwemo n'kuomba m'manja.

"Mwapulumuka, Nankhoma," anatero, monga amanenera kwa mayi amene wachira. "Ambuye akusungireni anawo."