Ladu wa Mayi Kamala

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinakhulupirira ndi mtima wonse kuti andiphunzitsa ufiti. Sizinachitikire ku Area 25 komwe ndinabadwira ayi. Zinachitikira kuno ku Perth, m'mafulati a njerwa zofiira, patangopita miyezi isanu chifikireni kuchokera ku Lilongwe.

Amayi anali namwino wogwira mashifiti, ndipo bambo ankalawirira kumafakitale ku Kwinana n'kubwerako akununkha mafuta a makina. Ndikaweruka kusukulu panalibe wondilandira. Choncho amayi anapangana ndi mayi woyandikana nafe khomo kuti ndizikhala kwawo mpaka faifi koloko. Dzina lawo linali Mayi Kamala, Mmwenye wochokera kummwera kwa India, wamasiye, wamfupi, woyenda ngati sakufuna kudzutsa munthu. Ankagwira ntchito m'mawa wokha mulaibulale ya payunivesite ku Crawley, ndiye masana ankapezeka pakhomo.

Nyumba yawo inkanunkhira lubani. Pakona pabalaza panali kashelefu kamene iwo ankakalemekeza kwambiri. Pamenepo panali kanyali kamkuwa, maluwa, tiziboliboli tiwiri, ndi chithunzi cha nkhalamba ya imvi yovala kansalu m'chiuno basi, ndodo ili m'manja. Maso ake ankakutsata kulikonse kumene waima. Pakhoma panali chithunzi china, cha munthu wokhala pansi atapinda miyendo, thupi lake lili ndi madontho asanu ndi awiri amitundumitundu, kuyambira kumunsi kwa msana mpaka paliwombo. Ine ndinkachita homuweki yanga nditafulatira zonsezo.

Chifukwa chake chinali chakuti ndinali nditamva kale. Lamulungu lina, titatha mapemphero a Amalawi, mayi wina wachikulire amene tonse tinkamutchula kuti Anti Nabanda anakokera amayi pambali, koma mawu awo sankadziwa kunong'ona.

"Mayi a Tamanda, anthu aja amagwadira mafano. Mwana asamakadye za kumeneko."

"Tamva, anti," anatero amayi, n'kusintha nkhani.

Amayi anasintha nkhani koma ine sindinaisinthe. Mwana aliyense wokulira kwathu amadziwa mmene zimayendera. Mfiti sikuuza kuti bwera ndikuphunzitse. Imangokupatsa kachakudya ikumwetulira, ndipo ukangomeza basi walowa. Kenako amakuuza kuti upereke m'bale wako, ndipo amene amayamba kufunidwa ndi mayi wokubereka. Tinkauzana zimenezi popita kusukulu, motsimikiza kuposa masamu. Ndiye kwa milungu ingapo, Mayi Kamala akandipatsa kanthu ndinkayankha kuti ndakhuta, mimba ikulira mpaka iwo kumva.

Lachisanu lina ndinaiwala bokosi langa la chakudya m'basi ya m'mawa, ndipo ndinafika kwawo maso ali gwa ndi njala. Ndinawapeza atayatsa kanyali kaja, akuliza kabelu, akuimba chapansipansi m'chinenero chawo. Atamaliza anatenga mbale imene inali patsogolo pa chithunzi cha nkhalamba ija. Munali timaswiti tobulungira tachikasu, tonunkhira batala, timene ankatitchula kuti ladu. Anatenga kamodzi n'kundiikira m'dzanja lamanja. Ndikanakonda kunena kuti ndinalimbana ndi mayesero. Sindinalimbane nawo. Ndinadya, ndipo ndinanyambita zala.

Kukoma kusanathe m'kamwa ndinakumbukira mawu a Anti Nabanda. M'mimba munakoka pomwepo, pamwamba pa mchombo. Nditatembenuka maso anga anagwera pachithunzi cha pakhoma chija. Pamalo enieniwo pamene pankandipweteka panali dontho lachikasu, mtundu womwewo wa ladu. Sindinafunenso umboni wina. Ndinaganiza kuti chithunzicho chimasonyeza malo amene amaikamo mankhwala awo, ndipo ine anali atayambira pamchombo.

Masiku anayi otsatira anali aatali kuposa ulendo wonse wa pandege. Sindinkadya. Kupemphera ndinaleka, poganiza kuti Mulungu samva mfiti. Lamulungu ndinanama kuti mutu ukundipweteka, kuopa kuti Anti Nabanda angandione m'maso n'kuzindikira. Koma choopsa koposa chinali amayi. Ndinkakhulupirira kuti ndidzawapha, ine mwini, osafuna. Akayandikira ndinkasuntha. Akafuna kundipesa tsitsi ndinkati ndipesa ndekha. Ndinkawayang'ana akusita yunifolomu yawo, misozi n'kumatsika, iwo akatembenuka ine n'kunamizira chimfine.

Lachiwiri amayi anali pa ofu. Anandigoneka pasofa, kundiyeza kutentha, kundidina m'mimba mbali iyi ndi iyo monga amachitira kuntchito. Kenako anakhala pansi n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Iwe Tamanda, m'mimba muno mulibe matenda. Mbewa ya manyazi inafera kudzenje. Tanena chimene chikukudya."

Ndinaulula zonse ndikulira, kuyambira bokosi la m'basi mpaka dontho lachikasu. Ndinamaliza ndi kuwapempha kuti andibwezere ku Malawi ndisanawachite choipa. Ndinkayembekezera kukalipiridwa, kapena kuti aimbire foni abusa. Iwo anangomanga chitenje pamwamba pa diresi.

"Vala masilipasi. Tiye."

Pakhomo pa Mayi Kamala amayi anati "Odi" ngati tili kwathu, kenako ndi pamene anakumbukira kugogoda. Anakhala pampando, ine n'kukhala pansi pafupi ndi mapazi awo. Analankhula m'Chingerezi, modekha, kufotokoza zimene ana a kwathu amauzana za chakudya ndi ufiti, ndi zimene ine ndinasenza masiku anayi. Mayi Kamala anagwira pakamwa. Ndinkaganiza kuti akwiya, koma m'malo mwake maso awo anadzaza misozi.

Anati kwawo chakudya chimayamba chaikidwa pamaso pa Mulungu, kenako chimagawidwa, ndipo munthu amachipereka kwa amene akumufunira zabwino. Anati anakondwa kwambiri tsiku lija poona kuti ndalandira, chifukwa ankaganiza kuti ndimanyansidwa nawo. Atatero anandiitanira pachithunzi cha pakhoma. Madontho aja, anatero, amawatchula kuti chakra, kutanthauza gudumu. Si zinthu zoikidwa ndi munthu ayi. Iwo amakhulupirira kuti aliyense amabadwa nawo, ndipo ndi malo amene mphamvu ya moyo imadutsa m'thupi. La pachifuwa ndi la chikondi, la pakhosi ndi la kulankhula zoona, lachikasu lija la pamchombo ndi la moto wa kulimba mtima, ndipo mantha akachuluka ndi pamene pamayamba kumanga.

"Ife kuchipatala sitijambula magudumu," anatero amayi akundiyang'ana, "koma zoti nkhawa imapweteketsa m'mimba ndiye timazidziwa bwino."

Ndinalimba mtima n'kuloza nkhalamba ya pashelefu, amene ine ndinkamuyesa mkulu wa afiti onse. Mayi Kamala anatchula dzina lake, lalitali moti lilime langa linakana, n'kunena kuti anali munthu woyera wa kwawo amene anamwalira kalekale. Ali mnyamata wapasukulu, tsiku lina anagwidwa ndi mantha aakulu a imfa, asakudwala n'komwe. Sanathawe. Anagona pansi, kuumitsa thupi ngati mtembo, n'kudzifunsa kuti kodi amene akufayo ndani. Anadzuka atatsimikiza kuti thupi limafa koma mzimu sufa, ndipo mantha aja sanabwerenso. Kenako anachoka kwawo n'kukakhala paphiri lina moyo wake wonse, wopanda chuma chilichonse, akudyetsa anyani ndi ng'ombe, akuthandiza kudula ndiwo kukhitchini, anthu akubwera kuchokera kutali kudzangokhala naye chete. Ndinamuyang'ananso. Anali nkhalamba yoonda yomwetulira, basi.

Zonsezi ndinazimva, koma mfundo ya m'mimba ija sinamasuke. Mawu ndi mawu, ndipo kwathu tinkauzananso kuti mfiti imadziwa kulankhula. Amayi anaona nkhope yanga. Anatembenukira kwa Mayi Kamala n'kufunsa ngati ladu wa Lachisanu uja analipo wotsala. Analipo, m'kachitini. Amayi anatenga kamodzi, anatsinzina, anapemphera pemphero lalifupi la chakudya m'Chichewa monga tinkachitira kunyumba, n'kuluma. Anatafuna mosapupuluma, akundiyang'ana, mpaka kumeza.

"Ndadya," anatero. "Ngati n'kuuluka, tiulukira limodzi, ine patsogolo iwe pambuyo."

Ndinaseka, kuseka kosakanizika ndi kulira ndi mamina. Ndinamva m'mimba mukumasuka pang'onopang'ono, mpweya ukulowa mpaka pansi, mapewa akutsika. Sindinamvepo mpumulo woterowo chiyambire. Ndinawakumbatira amayi m'chiuno mwamphamvu moti anadandaula kuti ndiwathyola nthiti. Kenako njala ya masiku anayi inabwera nthawi imodzi, ndipo Mayi Kamala anathamangira kukhitchini kukapakula mpunga ndi mphodza. Ndinadya mbale ziwiri.

Ndinapitiriza kukhala kwawo masana mpaka nditayamba sekondale. Ine sindinakhale Mhindu, iwonso sanakhale Mkhristu. Iwo akayamba kuliza kabelu ine ndinkakhala chete mwaulemu, ndipo ine ndikamapempherera chakudya iwo ankadikira.

Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti amayi sankaopa kalikonse tsiku lija, kuti sukulu ya unamwino inali itawachotsa zikhulupiriro zakwathu. Posachedwapa, tikudya mu lesitilanti ina ku Northbridge, ndinawakumbutsa nkhaniyi ndikuseka. Iwo sanaseke.

"Ukuganiza kuti ine ndinakulira kuti?" anandifunsa. "Nkhani zomwe unamva iwe, inenso ndinazimva ndili mwana. Ndinkaopa, n'chifukwa chake ndinayamba ndatsinzina ndisanalume. Koma ndinaona kuti mwana wanga akundithawa, ndipo mawu sakumuchiritsa."

Tsopano ndili ndi ana anga awiri, amene ndikawalankhula Chichewa amandiyankha m'Chingerezi, ndipo ali ndi mantha awoawo amene ine sindiwamvetsa. Chimene ndikudziwa lero n'chakuti mwana wogwidwa ndi mantha safuna kuuzidwa kuti palibe choopsa. Amafuna munthu woti alowe naye momwemo. Amayi analowa, ali ndi mantha omwewo, kuti ine ndituluke.