Mkazi Amene Ankaimitsa Alendo Pakhomo la Régis

Ku Lyon, m'timisewu topanikizika ta kutsidya kwa mtsinje wa Saône, panalibe amene sankamudziwa Ghislaine Thévenet ndi ambulera yake yachikasu. Kaya kukugwa mvula kaya dzuwa likuswa mtengo, iye ankaikweza m'mwamba, alendo n'kumamulondola pambuyo ngati anapiye. Ntchito yoonetsa alendo mzindayi anaiyamba ali ndi zaka makumi asanu ndi zinayi, ndipo chinamuyambitsa ndi mkwiyo.

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi Ghislaine anazithera kukhitchini ya kanyumba kodyeramo ka mwamuna wake, Régis. Kanyumbako Régis anasiyiridwa ndi bambo ake, ndipo kanali ndi matebulo khumi ndi awiri okha. Régis ankaima kutsogolo, kutsanulira anthu vinyo ndi kuwaseketsa, Ghislaine ali kumoto kuyambira m'mamawa. Chimene anthu ankadzera chinali quenelle, chakudya chimene Ghislaine anaphunzira kwa mayi ake: nsomba ya mumtsinje yosinja, yosakaniza ndi ufa, mazira ndi batala, youmba ngati dzira lalikulu n'kuiwotcha mumsuzi wa nkhanu mpaka itafufuma. Anyamata ankabwera ndi zibwenzi zawo kuchokera kutali kudzafunsira ukwati pamatebulo amenewo. Akamatuluka ankagwira chanza Régis. Wophikayo sankamuona n'komwe.

Lolemba lina, tsiku limene sankatsegula, Régis anaima pakhomo la khitchini n'kunena kuti wapeza wina. Anali Coralie, mayi amene ankawabweretsera vinyo.

"Usalire, Ghislaine," anatero Régis. "Zimachitika izi."

"Akulira ndani? Suntha, ukunditchinga."

Anatenga mipeni yake ndi poto mmodzi wamkuwa, n'kukapeza kachipinda pamwamba pa nyumba ina ku Croix-Rousse, dera lina la mumzinda momwemo. Kusiyidwako akanatha kukumeza. Koma patapita miyezi itatu anadutsa pamalo paja n'kuona pabolodi la panja atalemba ndi choko kuti: "Quenelle ya Mayi Ghislaine, monga mwa masiku onse." Anatuma mnzake kuti akagule mbale imodzi. Atangoika supuni m'kamwa anadziwa kuti ndi za m'paketi, zopangidwa kufakitale, ndipo msuziwo ndi wa m'chitini. Iye anali atatayidwa ngati chitsononkho, koma dzina lake linali likugwirabe ntchito, likugulitsa zinyalala.

Nyengo yonse yozizira ya chaka chimenecho anaithera pamabuku. Analoweza zaka za matchalitchi ndi mayina a milatho, analemba mayeso pamodzi ndi ana a msinkhu wa adzukulu, nalandira chiphaso chake choonetsera alendo mzinda. Kenako anapita kwa Honoré Baptandier, mkulu wina amene anali ndi malo odyera moyang'anizana ndi a Régis. Kwa zaka zambiri awiriwa ankangopatsana moni wa pamphuno.

"Bambo Honoré, quenelle yanu imalimba ngati mphira," anatero Ghislaine.

"Mayi, mwakwera msewu wonsewu kudzandinyoza?"

"Ndabwera kudzakuphunzitsani. Koma dzina langa musalilembe paliponse."

Honoré anamuyang'ana, anayang'ana kutsidya kwa msewu, kenako anam'patsa epuloni.

Ulendo wa Ghislaine unali wokoma ndithu, ndipo palibe mlendo anadandaulapo. Ankayamba ndi kasitima kokwera phiri la Fourvière, kuti anthu aone madenga ofiira a mzinda wonse ndi mitsinje iwiri ija. Potsika ankawalowetsa m'tinjira tobisika todutsa m'kati mwa nyumba za anthu, mmene kale owomba silika ankadutsa ndi nsalu zawo pothawa mvula. Ankawaonetsa amisiri osema zidole zovinitsa, n'kuwalawitsa timaswiti tofiira ta mtedza. Ankawayendetsa mpaka miyendo ilire. Dzuwa likafika paliwombo, njala itawagwira bwinobwino, ankatsitsa ambulera pakhomo la Régis.

"Onani chitseko ichi," ankatero. "Chatha zaka mazana anayi. Jambulani, musachite manyazi. Dzina lili pabolodipo ndi langa. Ndinaphika muno kuyambira ndili mtsikana. Amene akuphika masiku ano sindimudziwa, koma galimoto ya kufakitale imaima pano Lachiwiri ndi Lachisanu. Tiyeni tikadye apo."

Anthu makumi awiri ankawoloka msewu n'kukadzaza kwa Honoré, Régis akuwaonera pawindo, thaulo ili paphewa. Zinkachitika choncho masiku asanu pa sabata. Anzake a Ghislaine a ntchito yomweyo atamva, nawonso anayamba kutengera magulu awo kwa Honoré, poti chakudyacho chinali chokomadi.

Tsiku lina Régis anatuluka, nkhope ili psuu, alendo ali pomwepo.

"Ghislaine, ukundipha."

"Ine? Ndikungoonetsa anthu chitseko."

"Ndikakusumira."

"Kasume. Tikauze woweruza kuti nsomba zako umaziwedza m'paketi iti."

Alendo amene ankamva chinenero cha kumeneko anaseka, n'kumasulira anzawo. Mawa lake dzina lija linali litafufutidwa pabolodi. Koma ambulera inatsikabe pamalo pomwe paja, nthawi yomweyo. Ghislaine anangosintha mawu pang'ono: "Apa panali dzina langa."

Honoré, amene anali atalemba kale ntchito anthu ena awiri, anayamba kuchita naye mantha. "Mayi, dzina wafufuta. Bwanji osamuleka munthuyu?"

"Dzinalo wafufuta ndi kansanza," anayankha Ghislaine. "Nanga zaka zanga afufuta ndi chiyani?"

Chaka chachitatu Coralie anachoka. Anthu ankati anatopa ndi kupukuta matebulo opanda anthu. Chaka chachinayi, masana ena a Lamlungu, Ghislaine anamva munthu akukwera masitepe a kunyumba kwake, akupumira pansanja iliyonse. Anali Régis. Anali atawonda, jekete ikumukhwepa, m'manja atanyamula maluwa.

"Ndinalakwa," anatero asanalowe n'komwe. "Ndine chitsiru, aliyense akudziwa. Bwerera, Ghislaine. Malo aja tilembetsa m'mayina athu tonse awiri."

Ghislaine analandira maluwawo n'kuwaika musinki. "Khala pansi," anatero.

Anatulutsa nsomba imene anagula kumsika m'mawa womwewo. Anaichotsa minga, anaisinja, anaswa mazira. Kwa maola awiri Régis anangokhala pampando, chipewa chili pamaondo, akununkhiza msuzi wa nkhanu umene unadzaza kachipinda konse. Mtima wake unayamba kukhala pansi. Mkazi angamuphikire bwanji munthu amene sanamukhululukire?

Mbale itafika, Régis anayamba kudya. Pofika pakati misozi inali ikutsika, koma sanaleke kudya. Anakombeza msuzi ndi buledi mpaka mbale inachita kuwala.

"Ndiye ubwera liti?" anafunsa.

"Wakhuta?"

"Ndakhuta."

"Yakoma ngati kale?"

"Kuposa kale."

"Chabwino. Ndimafuna uikumbukire bwinobwino, chifukwa sudzailawanso. Kwa Honoré ndanena kale kuti asadzakugulitse. Utsike bwino, sitepe yachitatu ndi yoterera."

Régis anakhala kanthawi akumuyang'ana, ngati akudikira kuti aseke. Ghislaine anatsegula chitseko n'kuimirira pomwepo mpaka iye atatuluka.

Malo a Régis anatsekedwa mitengo ikuyamba kuphuka. Iye anasamukira kwa mlongo wake kumzinda wa Saint-Étienne, ndipo m'kanyumba muja munalowa anthu ogulitsa sopo. Azimayi ena a m'deralo anati Ghislaine anaonjeza, ena anati anachepetsa. Iye sanafunse maganizo a munthu.

Chimene sanayembekezere n'chakuti kwa masabata angapo ankadzuka m'mawa osadziwa chodzukira. Maondo, amene kwa zaka zinayi sanamuvutepo, anayamba kutupa. Dokotala anamuuza kuti achepetse kukwera mapiri, ndipo anayamba kugwira masiku atatu okha pa sabata. Magulu ake ankawakweza boti pamtsinje, iye atakhala pansi, akuloza milatho ndi chala.

Loweruka lina anavala diresi labwino n'kupita yekha kwa Honoré, wopanda alendo. Aka kanali koyamba pa moyo wake kukhala patebulo m'msewu umenewo kuti wina amuphikire. Honoré anabweretsa yekha mbale n'kuima pambali, manja ali kumbuyo.

Ghislaine analawa, anatafuna pang'onopang'ono, kenako anaika supuni pansi.

"Bambo Honoré, mwayamba kuumira batala," anatero. "Bwezani kukhitchini. Ndidikira, sindikuthamangira kulikonse."